Tikamaseka Su-Lee timakhala tikuseka ndani?

Mind Your Language ndi sewero la pa kanema la ku Britain lomwe linayamba kuonetsedwa pa ITV mu 1977, koma kuno kwathu likukana kukalamba. Tizidutswa take timazungulirabe pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok, moti achinyamata omwe anabadwa sewerolo litatha kalekale amamudziwa Mr Brown ngati kuti anawaphunzitsapo ku fomu 2. Nkhani yake ndi yosavuta. Jeremy Brown, mbali yomwe ankasewera Barry Evans, amaphunzitsa Chingerezi kalasi ya madzulo mumzinda wa London. Ophunzira ake ndi akuluakulu ochokera ku Italy, Spain, Germany, France, Greece, India, Pakistan, China ndi Japan, ndipo aliyense amathyola Chingerezi mwa njira yakeyake. Mr Brown akanena ichi, iwo amamva icho. Iwo akayankha, iye amagwira mutu. Ife nthiti kuwawa.

Ndikufuna kuliunika sewero limeneli pamodzi ndi abale ake a kuno kumudzi, nthabwala zija za wansembe wachizungu, za Mmwenye wa m'sitolo, za Myao, Mlomwe ndi Mtumbuka, zomwe timauzana m'minibasi, m'mahositelo ngakhalenso pa siwa. Sindikubwera ndi chikwapu kudzaletsa anthu kuseka. Inenso ndimaseka, mwina kuposa inu. Mfundo yanga ndi yakuti nthabwala za katchulidwe, kapena tinene kuti za akisenti monga timanenera pocheza, zilipo za mitundu iwiri, ndipo timazisokoneza poti zonse zimathera ku phwete. Zina zimaseketsa chifukwa matanthauzo awiri awombana pa mawu amodzi. Zina zimaseketsa chifukwa chongotchula dzina la mtundu wa anthu basi. Zoyambazo zimafuna khutu lakuthwa. Zachiwirizo sizifuna khutu n'komwe, ndipo zili ndi ngongole yomwe amabweza ndi anthu ena.

Su-Lee ndi Taro ndi anansi athu

Mwa ophunzira onse a Mr Brown, awiri ayenera kutikhudza ife oyankhula Chichewa. Chung Su-Lee, mlembi wa ku ofesi ya kazembe wa China, amasokoneza r ndi l. Taro Nagazumi wa ku Japan amaphatika o kumapeto kwa mawu pafupifupi onse. Kodi tikamawaseka awiriwa timazindikira kuti zizolowezi zomwe anawavekazo ndi zathu zomwe?

Tiyambe ndi r ndi l. M'Chichewa awiriwa ndi liwu limodzi lovala malaya awiri. Palibe mawu omwe tanthauzo lake limasintha chifukwa choti mwaika r m'malo mwa l. Wina akati "kulira" mnzake n'kuti "kulila", onse akunena za misozi. Malamulo a kalembedwe amatiuza kulemba r pambuyo pa e ndi i, monga mu "kubwera" ndi "mbiri", n'kulemba l m'malo ena, monga mu "kulola" ndi "mlomo". Pakamwa malire amenewa si olimba ngati papepala, komabe chizolowezi chake chilipo, ndipo timachinyamula tikamalowa m'Chingerezi. N'chifukwa chake "rice" amatuluka "laisi" ndipo "road" amatuluka "lodi": liwulo lili koyambirira kwa mawu, ndiye lilime limasankha l. N'chifukwa chakenso "pray" ndi "play" amagwera mumphika umodzi. Timalowetsa u pambuyo pa p, ndipo pambuyo pa u pamabwera l, choncho abusa akaitana mpingo kuti upemphere m'Chingerezi, mlendo amamva kuti akuitanidwa kukasewera. Nayo nthabwala ija imadzuka chaka chilichonse cha chisankho, ya "election" ndi "erection", ikutsata lamulo lomweli: l wabwera pambuyo pa e, ndiye wasanduka r. Woyankhulayo sanaphonye mwachisawawa ayi. Watsata malamulo a chiyankhulo chake mokhulupirika, kungoti wawatsatira m'munda wa eni.

Chomvetsa chisoni n'chakuti munthu akasekedwa kangapo amayamba kumuopa l. Ndiye amathira r paliponse, ngakhale pomwe l anali pamalo pake, mpaka "late" kusanduka "rate". Zolakwika zina zomwe timasekazi zinabadwa ndi kuseka kwathu komweko.

Za Taro nazonso si zachilendo. Maphatikizo a Chichewa amathera ndi lembo la liwu, ndipo sitikonda malembo opanda liwu ounjikana momwe amaunjikirana m'Chingerezi. Mawu obwereka timawakonza kuti akwane pakamwa: sukulu, buledi, sitolo, bulangeti. Chijapani chimachitanso chimodzimodzi.

Koma apa ndi pomwe sewerolo likulephera mayeso. Lembo la liwu lomwe Mjapani amawonjezera silikhala o nthawi zonse. Kawirikawiri limakhala u, monga mu "desuku". O amabwera pambuyo pa t ndi d, monga mu "hotto" ndi "beddo", pomwe pambuyo pa ch pamabwera i. Kwathu kunonso pali dongosolo. Pambuyo pa t, d ndi s timakonda i: shati, buledi, basi. Pambuyo pa maliwu a pamilomo timakonda u: kapu, timu, filimu. Pena timangobwereza lembo la liwu lomwe lili pafupi: buku, foloko, sopo. Tayerekezani Mngerezi atalemba sewero la Mmalawi amene amati "shato", "baso", "kapo". Tinganene chiyani? Tingati munthuyu sanatimvepo tikuyankhula. Taro ndi wotero. Vince Powell, yemwe analemba sewerolo, anamva patali kuti Ajapani amawonjezera kena kake kumapeto kwa mawu, basi n'kusankha o chifukwa amamveka moseketsa.

Za Su-Lee ndiye zimaposa pamenepa. Chiyankhulo chodziwika bwino kuti chili ndi liwu limodzi m'malo mwa r ndi l ndi Chijapani. Chimandarini, chiyankhulo cha boma ku China, chimasiyanitsa awiriwa koyambirira kwa mawu: "rè" ndi kutentha, "lè" ndi chisangalalo. Mlembi wa kazembe wa boma la Beijing wapatsidwa chizolowezi cha mnansi wake, ngati kuti onse a kum'mawa ndi amodzi. Zili ngati kumuyankhulitsa Msena Chizulu n'kumati onsewo ndi Aafirika.

Kama ndi khama

Nanga nthabwala yolimba imaoneka bwanji? Nayi imodzi ya kutchalitchi yomwe ndimaikonda. Wansembe wachizungu akufuna kuyamikira mnyamata wotsogolera kwaya, uku akudzudzula atsikana omwe amajomba pophunzira nyimbo. Ndiye akuti: "Atsikana inu, muzipita kwa mnyamata uyu madzulo. Ali ndi kama." Tchalitchi chonse mitu pansi, mapewa akugwedezeka.

Bambo mfumuwo amafuna kunena khama. Chichewa chimasiyanitsa p, t, k wopanda mpweya ndi ph, th, kh wa mpweya. Ikani dzanja patsogolo pa kamwa munene "kola" kenako "khola", "pala" kenako "phala": pa mawu achiwiriwo kamphepo kakuwombani. Kamphepo kameneka kamanyamula tanthauzo. Chifalansa, Chitaliyana ndi Chidatchi zilibe p, t, k wa mpweya, ndiye woyankhula ziyankhulo zimenezi akafika pa "khama" kamphepoko kamasowa, n'kutsala "kama", mawu omwe tinabwereka ku Chipwitikizi otanthauza bedi. Mngerezi amaphonyera mbali inayo. Iye amathira mpweya pa p, t, k yemwe ali koyambirira kwa mawu, moti akauza kalipentala kuti "pala thabwa ili" zimamveka ngati akuitanitsa phala.

Mwaona kukoma kwake? Nthabwalayi ikutiuza ngakhale komwe wansembeyo anachokera. Sangakhale Mngerezi. Ndi mmodzi mwa aja anatsata a Montfort omwe anafika ku Nzama m'boma la Ntcheu mu 1901, kapena a White Fathers omwe anakhazikitsa mishoni ya Mua mu 1902, omwe ambiri mwa oyambirira anali ochokera ku France ndi Netherlands. Amene anayamba kuifotokoza nthabwalayi mwina sanalowepo m'kalasi ya zamaliwu, koma khutu lake linagwira ntchito yomwe ife timalembera mayeso.

Chinanso, tayesani kuchotsamo mawu akuti "wachizungu". Ikanipo munthu wina aliyense amene kamphepo kamuthawa. Nthabwala ikadali chiimire, chifukwa mphamvu yake ili pa kuwombana kwa khama ndi kama. Komanso wogwa si wansembe yekha. Mpingo nawonso wagwidwa, poti maganizo ake athamangira kuchipinda pomwe ali m'nyumba ya Mulungu.

Awiri otere alipo ambiri. "Ng'oma" timaimba, "ngoma" ndi nyama ya m'tchire kapena gule wa Angoni, ndipo mlendo amavutika kuyamba mawu ndi ng'. Palinso kukwera ndi kutsika kwa liwu. "Mtengo" wa m'nkhalango umakwera pa phatikizo lachiwiri, "mtengo" wa pamsika sukwera. "Ndimathandiza" angatanthauze zomwe ndimachita masiku onse kapena zomwe ndinali kuchita posachedwa, malinga ndi pomwe liwu lakwera. Apa alendo amapunthwa kwambiri, koma nthabwala zake n'zochepa pa WhatsApp, chifukwa kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kumeneku. Nthabwala yolembedwa imangogwira zomwe malembo angakwanitse kunyamula.

Za pakhomo pathu

Nthabwala za m'zigawo nazo zilipo zakhutu. Agogo a ku Phalombe alowa m'golosale n'kunena kuti, "Mwanangu, ndikufuna kukula." Wogulitsa ati, "Agogo, mpaka lero simunakulebe?" Chilomwe, monga Chimakhuwa chomwe ndi m'bale wake, chilibe b, d ndi g. Woyankhula Chilomwe amatenga maliwu oyandikana nawo, p, t ndi k, ndiye "kugula" amakhala "kukula", "kudula" amakhala "kutula". Kutsidya ku Mozambique anthu a ku Nampula amasekedwa ndi chinthu chomwechi akamayankhula Chipwitikizi, "batata" akatuluka "patata".

Chiyao chilibe z, n'chifukwa chake "zikomo" amamveka "sikomo". Nthabwala ya munthu wa ku Mangochi wopempha adokotala kuti amusule dzino, adokotala n'kumulozera kwa osula makasu, yaima pa "kuzula" ndi "kusula". Ndipo Chinyanja cha ku Lusaka chimapeputsa ts kukhala s, dz kukhala z: siku, zina. Mlendo wochokera kumeneko wadya nkhuku yonse ya eni nyumba, potsanzika n'kuti, "Salani bwino." Eni nyumba ayang'ana mumphika n'kuvomereza kuti zoonadi, kusala kwayambika.

Zonse zitatuzi zili ndi fupa. Muli mawu awiri enieni a Chichewa osiyana ndi liwu limodzi, ndipo muli lamulo lenileni la chiyankhulo china lomwe lawagundanitsa. Mphunzitsi atha kuzitenga kulowa nazo m'kalasi.

Koma zambiri zomwe timamva si zotero. Munthu amangoyamba kuti "Kunali Mtumbuka wina", anthu n'kuyamba kale kuseka asanamve chomwe Mtumbukayo anachita. Wofotokozayo amapotoza pakamwa, kukokera mawu, kuthira "ŵ" paliponse, koma mukafufuza pomwe matanthauzo awombana simupapeza. Chomwe chanyamulidwa ndi katundu wina: awa ndi odzikonda, awa sanapite kusukulu, awa ndi amankhwala, awa ndi aulesi. Katchulidwe kangokhala chikwangwani choti tidziwe amene tikumugenda. Muyeso uja ukugwiranso ntchito pano. Chotsani dzina la mtundu. Ngati palibe chotsala, imeneyo sinali nthabwala ya chiyankhulo.

Mmwenye wa m'zisudzo zathu ndi chitsanzo chovutirapo. Tonse timamudziwa: aliyense amamuti "iwe", ngakhale nkhalamba ya imvi, ndipo agwirizanitsi onse anawataya. Kunena zoona kameneka si katchulidwe kwenikweni. Ndi kayankhulidwe ka bwana kwa wantchito, m'bale wake wa Chilapalapa cha kumigodi. Sewero likamaseka mwano wa bwanayo, wantchito n'kumamuyankha mochenjera, limaluma ndithu, chifukwa kusekako kukulunjika kwa mwini mphamvu. Koma likangoseka lilime lokha, limakhala likunena kuti munthu wobadwira ku Limbe, yemwe agogo akenso anabadwira komweko ndipo Chichewa amachiyankhula ngati ine ndi inu, adzakhala mlendo mpaka kalekale. Munthu wa pasitejiyo anaima m'zaka za m'ma 1960, pomwe anthu enieniwo anapitirira.

Kumvana ndi kwa awiri

Pali chinsinsi chimodzi chomwe nthabwala zonsezi zimabisa: kusamvana kwenikweni n'kosowa. Palibe wogulitsa m'golosale amene angaganizedi kuti agogo akufuna kukula. Chiyankhulo chili ndi zipilala zambiri, moti chimodzi chikagwa zina zimachirikiza denga. Khama ndi kama ali m'magulu osiyana a mayina: timati "khama lake" koma "kama wake". Wansembe uja akanati "kama lake ndi lalikulu", mgwirizanitsi yekhayo akanamupulumutsa. Wofotokoza nthabwala waluso amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amadula chiganizo pa "ali ndi kama". Nthawi zambiri timayamba tamva bwinobwino, kenako n'kusankha kusamva kuti tiseke.

Nthawi zinanso khutu limamva zomwe maso aliuza. Mu 1992 Donald Rubin anafalitsa kafukufuku yemwe anachita pakati pa ophunzira a payunivesite ku America. Onse anamvetsera mawu ojambulidwa a mayi mmodzi yemweyo, mbadwa ya ku America yoyankhula Chingerezi cha komweko. Ena anawaonetsa chithunzi cha mayi wachizungu, ena cha mayi wa ku Asia, n'kuwauza kuti ameneyu ndiye akuyankhula. Omwe anaona nkhope ya ku Asia ananena kuti amva akisenti yachilendo, ndipo pa mayeso a zomwe anamva anakhoza mocheperapo. Tepi inali yomweyo. Rosina Lippi-Green, m'buku lake la English with an Accent la mu 1997, akufotokoza kuti kumvana ndi katundu yemwe woyankhula ndi womvera amasenzera limodzi, koma womvera amene amadziona kuti ndi wapamwamba amatha kukana mbali yake, n'kumusiyira mnzakeyo mtolo wonse.

Mind Your Language imatula mtolo wonse pamutu pa ophunzira. Ambiri mwa iwo akuyankhula chiyankhulo chachiwiri kapena chachitatu, koma sewerolo silimufunsa Mr Brown kuti iye amadziwa zingati. Kuti ndisalinamizire, lili ndi malo omwe limawala. Ndi pomwe wopusa amakhala Chingerezi chenichenicho, ophunzira akatenga zining'a zake monga momwe zikumvekera n'kuonetsa kuti eni akewo amanena zinthu zopanda mutu tsiku ndi tsiku osazindikira. Pamenepo ophunzira amakhala anzeru kuposa mphunzitsi. Ndikuganizanso kuti ife timalikonda chifukwa kalasi imeneyo timaidziwa. Tinakulira m'masukulu momwe kuyankhula chiyankhulo cha kwanu kunali mlandu, ndipo mpaka lero ukalephera Chingerezi satifiketi ya MSCE suiona, olo utakhoza masamu ndi sayansi. Mantha a Juan akafunsidwa funso ndi mantha athu.

Pomwe kusamvana kumachitikadi, sikukhala koseketsa kwa amene kwamugwera. Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu, pomwe Chingerezi cha ku England chili ndi maliwu otere opitirira 10. "Hat", "hut", "heart" ndi "hurt" pakamwa pa ambiri a ife amayandikana kwambiri, chimodzimodzinso "ship" ndi "sheep". Mlongo wathu wosamalira okalamba ku Manchester akamapereka lipoti kwa namwino, kusiyana kwa "heart" ndi "hurt" si nkhani ya phwete. Mankhwala ake ndi osavuta: kufunsanso, kubwereza, kulemba. Koma munthu amene wasekedwa kawiri katatu amasiya kufunsa. Amangoti "yes, yes" kuti zithe.

Amalipira ndani?

Bwererani kwa agogo a ku Phalombe aja. Alomwe analowa m'dziko muno mwaunyinji kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ambiri n'kukagwira thangata m'maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje. Ankatchedwa Anguru, dzina lomwe linali lachipongwe, mpaka Lewis Bandawe anayambitsa bungwe la Alomwe mu 1943 lomenyera kuti dzinalo lisiyidwe. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti Alomwe ndi mtundu wachiwiri kukula m'Malawi, koma oyankhula Chilomwe ndi ochepa zedi. Zifukwa zake n'zingapo, monga maukwati, sukulu ndi kukhalira limodzi ndi Amang'anja, koma manyazi ali m'gulu la zifukwa zomwe ofufuza amatchula. Makolo omwe anasekedwa chifukwa cha "kukula" anaonetsetsa kuti ana awo asadzasekedwe. Lero mdzukulu wa agogo aja amanena "kugula" bwinobwino, ndipo akapita ku Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe amafuna womumasulira. Nthabwala inatsala, chiyankhulo chomwe chinaibala chikuzilala.

Katchulidwe komwe timati "kolondola" nakonso kali ndi mbiri yake. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha MCP unagamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha fuko, dzina loti Chinyanja linasiyidwa, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wayilesi mpaka 1994. Dr Banda anali ndi maganizo olimba pa za Chichewa chenicheni. Ndi iye yemwe, ali wophunzira ku Chicago, anapereka Chichewa chake cha ku Kasungu kwa Mark Hanna Watkins, amene anatulutsa buku la galamala ya Chichewa mu 1937. Bungwe la Chichewa Board litakhazikitsidwa mu 1972, ŵ wa ku Kasungu analowa m'malamulo a kalembedwe. Mu 1989 boma linalamula aphunzitsi kubwerera kuzigawo za kwawo, lamulo lomwe linapweteka kwambiri a kumpoto. M'dziko lotero, kumveka kuti ndiwe wa kumpoto sinali nkhani ya lilime lokha, ndipo nthabwala ya "Kunali Mtumbuka wina" inakulira m'nyengo imeneyo. Chodabwitsa n'chakuti lero ŵ uja wasowa m'zolemba zambiri, ndipo munthu wa kumudzi ku Kasungu kapena ku Dowa akafika m'tauni ndi Chichewa chake chakuya, achinyamata a Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi amamuseka kuti ndi wachimidzi. Katchulidwe kapamwamba kamasamuka, kutsata komwe kwapita mphamvu ndi ndalama.

Tikawoloka Limpopo, osekedwa timakhala tonse, Mchewa ndi Mtumbuka yemwe. Mawu akuti "makwerekwere" amanenedwa kuti akutsanzira momwe ziyankhulo zathu zimamvekera m'makutu a eni dziko. Mu Meyi 2008, pa zipolowe zomwe zinapha anthu 62 ku South Africa, magulu a anthu ankaimitsa odutsa n'kuwafunsa dzina la chigongono m'Chizulu, "indololwane". Wolephera ankaoneka kuti ndi mlendo. Amalawi ambiri anabwerera kumudzi pa mabasi atasiya zonse. Njira imeneyi ndi yakalekale. Chaputala 12 cha buku la Oweruza chimasimba za amuna a ku Gileadi omwe ankayesa othawa a ku Efraimu pa madooko a Yordano ndi mawu amodzi okha, ndipo wotchula s m'malo mwa sh ankaphedwa. Sindikunena kuti aliyense woseka "sikomo" ali ndi chikwanje kumbuyo. Ndikunena kuti khutu lomwe limasankha anthu pa nthabwala ndi lomwelo limawasankha pa msewu, ndiye ndi bwino kudziwa zomwe tikuliphunzitsa.

Chigamulo changa

Mind Your Language inaimitsidwa mu 1979, Michael Grade wa ku London Weekend Television ataona kuti momwe inkaonetsera anthu a mitundu ina zinali zonyoza, ngakhale inadzabwereranso kwa kanthawi m'ma 1980 kudzera ku kampani ina. Ine ndikaiyeza ndi muyeso wa khutu, ndimapeza sewero la osewera aluso omwe anapatsidwa zolemba za ulesi. Pomwe likuseka Chingerezi, ndi labwino mpaka lero. Pomwe likuseka Su-Lee ndi Taro, silinamvetsere n'komwe, ndipo ife amene timanena "laisi" ndi "buledi" tili pa benchi imodzi ndi iwowo, osati kutsogolo ndi Mr Brown.

Nthabwala zathu zabwino, ya khama, ya kugula, ya tsalani bwino, zimaposa sewero la ku London limeneli pa luso, chifukwa anazipeka ndi anthu omwe anakhala limodzi ndi amene akuwatsanzirawo n'kuwamvetsera. Zoipa zathu n'zoipa chimodzimodzi ndi za Vince Powell.

Kwa anzanga ophunzira zaziyankhulo, nayi ntchito yomwe simafuna ndalama ya kafukufuku. Tolerani nthabwala zisanu za katchulidwe kuchokera kwanu, kaya ndi ku Nsanje, ku Karonga, ku Chipata kapena ku Tete. Pa iliyonse lembani mawu awiri omwe awombana ndi liwu lomwe lawasiyanitsa. Kenako kafunseni munthu woyankhula chiyankhulo chomwe chikutsanziridwacho ngati amatchuladi choncho, ndipo mumufunsenso nthabwala yomwe kwawo amanena za katchulidwe ka inuyo. Ilipo ndithu, ndipo mwina simunaimvepo chifukwa amainena inu mukachoka.